Khansa, COVID ndi mankhwala obwereka ku matenda ena

Nabanda:
Moni nonse. Mauthenga awiri abwereranso pa gulu lino ndipo ndawachotsa kaye. Wina ukunena kuti fenbendazole, mankhwala a njoka za m'mimba a agalu ndi ng'ombe, amachiza khansa. Wina ukunena kuti odwala khansa azimwa ivermectin sabata iliyonse kuti COVID isawagwire. Kuchotsa kokha sikuthetsa nkhani, chifukwa anthu akukagulabe m'masitolo a mankhwala a ziweto mu Lusaka muno. A Mwale, amayi Tembo, adokotala a Zulu, tithandizeni. Fotokozani mwatsatanetsatane kuti amene ali pa chemo (mankhwala opha maselo a khansa), ngakhale amene akudwazika, adziwe chochita.

A Mwale:
Zikomo amayi. Ndisanatsutse kanthu, ndinene kuti kubwereka mankhwala a matenda ena n'kuchizira khansa si bodza ayi. Kuchipatala zimachitika tsiku ndi tsiku.

Thalidomide anayamba m'zaka za m'ma 1950 ngati mankhwala ogonetsa ndi oletsa mseru kwa amayi oyembekezera. Ana masauzande anabadwa ndi manja ndi miyendo yosakwanira, ndipo mu 1961 anayamba kuwachotsa pamsika. Mu 1999 ofufuza anasonyeza kuti mankhwala omwewo amalimbana ndi myeloma, khansa ya m'mafuta a m'mafupa. Lero akuperekedwanso, koma mayi amayamba wayezedwa mimba, amakhala pa kulera nthawi yonse, ndipo dokotala amayang'anira za kuundana kwa magazi ndi dzanzi la m'mapazi. Arsenic ndi poizoni wodziwika, koma akamuphatikiza ndi mankhwala ochokera ku vitamini A amachiza mtundu umodzi wa khansa ya m'magazi wotchedwa APL, odwala pafupifupi 9 mwa 10. Mtundu umodzi wokhawo, osati khansa iliyonse.

Pa COVID chitsanzo ndi dexamethasone, mankhwala akale otchipa amene odwala chemo amawadziwa kale. Mu Juni 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anapeza kuti 6 mg patsiku, mpaka masiku 10, amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kwa amene ali pa makina opumira, ndi limodzi mwa asanu kwa amene ali pa okosijeni. Kwa amene sakufunika okosijeni sanathandize, ndipo panali zizindikiro zoti akhoza kupweteka. Onani, mankhwala amodzi, mlingo umodzi, koma phindu likudalira kuti wodwalayo ali pati.

Onsewa anayesedwa pa anthu, gulu lina likulandira, lina osalandira, kenako n'kuwerenga amene achira ndi amene amwalira. Fenbendazole sanadutse njira imeneyi, ndipo palibe dziko limene linamuloleza kuti anthu azimwa.

A Daka:
A Mwale mwalankhula bwino, koma funso la anthu simunaligwire. Kampani iti ingawononge ndalama kuyesa mankhwala otchipa amene aliyense angapange? Ndiye munthu wauzidwa kuti khansa yafalikira, adikire kafukufuku amene sadzachitika? Komanso mapepala a asayansi alipo osonyeza kuti fenbendazole ndi ivermectin amapha maselo a khansa. Si mphekesera za pa WhatsApp zokha.

A Zulu:
A Daka, mbali yoyambayo ili ndi choona. Makampani salimbikira mankhwala opanda phindu kwa iwo. Koma mayunivesite ndi maboma amayesa, ndipo ambiri mwa mankhwala tikukambawa ayesedwa kale. Vuto ndi lakuti zotsatira zake sizifalikira ngati mmene mavidiyo amafalikira.

Titenge ivermectin. Nkhani inayamba mu Epulo 2020, ofufuza a ku Monash University ku Australia atathira mankhwalawa pa kachilombo ka COVID m'kambale ka mu labu. Kachilombo kanafa. Koma kuchuluka kwa mankhwala m'kambalemo kunali koposa ka 50 kuyerekeza ndi kumene kumafika m'magazi a munthu womwa mlingo wovomerezeka. Atayesa pa anthu ku Brazil, mu kafukufuku wa TOGETHER, odwala 1,358 anagawidwa pawiri, ena ivermectin masiku atatu, ena piritsi lopanda mankhwala. Ogonekedwa m'chipatala anali ofanana mbali zonse. Zotsatirazi zinatuluka mu 2022. Hydroxychloroquine nayenso anayesedwa ndi RECOVERY komanso WHO mu 2020, osathandiza.

Metformin, wa shuga uja, anthu ankamuyembekezera kwambiri pa khansa ya m'mawere. Kafukufuku wa MA.32, wotsogoleredwa ku Canada, anatenga odwala oposa 3,600 opanda shuga, theka likumwa 850 mg kawiri patsiku kwa zaka zisanu. Mu 2022 anapeza kuti khansa inabwereranso mofanana m'magulu onse awiri. Mankhwala otchipa, kafukufuku wamkulu, yankho ayi.

Za fenbendazole, nkhani imene ikuyendayo ndi ya bambo wina wa ku America amene anali ndi khansa ya m'mapapo. Mu 2019 inafala mpaka ku South Korea mankhwala a agalu anasowa m'masitolo. Chimene mavidiyo ambiri amadumpha n'chakuti bamboyo pa nthawi yomweyo ankalandira pembrolizumab mu kafukufuku wa chipatala, mankhwala enieni a khansa amene amadziwika kuti ena amawathandiza kwambiri. Ndiye chinachiza n'chiti?

A Daka:
Chabwino, tinene kuti sathandiza. Koma ngati sapweteka, munthu akutayapo chiyani? Ndalama ndi zake.

A Zulu:
Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa chovulaza chachikulu sichioneka msanga.

Mankhwala a gulu la fenbendazole, mebendazole ndi albendazole amasefedwa m'chiwindi. Mankhwala ambiri a chemo amadutsanso momwemo: doxorubicin, paclitaxel, docetaxel, vincristine. Wodwala asanalandire chemo amayezedwa magazi. Kawirikawiri timafuna maselo oyera otchedwa neutrophil afike 1.5, mapulateleti, timaselo toletsa kutaya magazi, afike 100, ndipo zoyezera chiwindi, ALT ndi bilirubin, zisakwere kwambiri. Munthu akamamwa fenbendazole mobisa kwa masabata angapo, ALT imatha kukwera kangapo, ndipo madokotala alembapo za odwala amene chiwindi chinatupa n'kubwerera mwakale atangosiya mankhwalawa. Tsono dokotala amene sakudziwa za botolo lili kunyumba aganiza chiyani? Aganiza kuti chemo ndiyo yapweteka chiwindi, kapena kuti khansa yafika kumeneko. Achedwetsa chemo, achepetsa mlingo, mwina asinthiratu n'kupereka mankhwala ofooka. Wodwala wataya mankhwala amene akanamuthandiza chifukwa cha amene sanamuthandize.

Albendazole ndi mebendazole akamwedwa ochuluka kwa nthawi yaitali amagwetsanso maselo oyera, omwewo amene chemo yawagwetsa kale. Vermox, amene ndi mebendazole wa njoka za m'mimba, timapereka 100 mg kawiri patsiku masiku atatu, kapena 500 mg kamodzi, basi. Anapangidwa kuti azikhala m'matumbo, wochepa kwambiri ndiye amalowa m'magazi. Kuyesa mebendazole pa khansa ya mu ubongo kulipo, koma kudakali koyambirira. China, mebendazole ndi Flagyl sizimwedwa pamodzi. Zimatha kuyambitsa matenda oopsa amene khungu ndi mkamwa zimasupuka.

Ivermectin wa ng'ombe ndi wa 1%, ndiye kuti 10 mg mu mililita imodzi, ndipo anapangidwa kuti azibayidwa pa chiweto cha makilo mazana. Mlingo wa munthu ndi mamaikulogalamu 200 pa kilo, munthu wa makilo 60 ndi 12 mg, kamodzi. Supuni yaing'ono ya wa ng'ombe ndi 50 mg. Wodwala khansa wawonda kale, akamwa motero amayamba chizungulire, kusanza, kusokonezeka mutu, kuona zachilendo, ena mpaka kukomoka.

Ndionjezere kuti ivermectin ali ndi ntchito yake yeniyeni kwa odwala athu. Pali kanyongolotsi kotchedwa strongyloides kamene kamakhala m'matumbo zaka zambiri osadziwika. Munthu akapatsidwa ma steroid ambiri, mankhwala a gulu la dexamethasone, kamachulukana n'kufalikira thupi lonse. N'chifukwa chake dokotala nthawi zina amalemba ivermectin tsiku limodzi kapena awiri asanayambe ma steroid. Mukaona zimenezo musati adokotala avomera kuti amachiza khansa.

Amayi Tembo:
Ndigwire pa kuchedwa kumene adokotala atchula. Mu 2020 magazini ya BMJ inasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kupeza kuti kuchedwetsa chithandizo cha khansa ndi masabata anayi kumakweza imfa ndi 6 mpaka 13 peresenti, malinga ndi mtundu wa khansa ndi chithandizo chake. Masabata ena anayi, chiopsezo chikweranso.

Kuno ku Zambia khansa imene ikuvuta amayi kwambiri ndi ya khomo la chiberekero. Chithandizo chake ndi kuwotcha ndi radiyeshoni masiku asanu pa sabata kwa masabata pafupifupi asanu, chemo ya cisplatin kamodzi pa sabata, kenako kuwotcha kwa mkati. Zonsezi ziyenera kutha m'masiku 56. Mukapitirira pamenepo, maselo a khansa otsala amayamba kuchulukana msanga ndipo tsiku lililonse loonjezera limachepetsa mwayi wochira. Choncho mayi amene wasiya sabata yathunthu poopa COVID pamzere wa ku Cancer Diseases Hospital, kapena wabwerera ku Petauke kukayesa za m'botolo, wadzichotsera zambiri kuposa mmene akuganizira. Ngati wadwala chifuwa, aimbe foni kapena atume womudwazika kukanena. Nthawi zambiri radiyeshoni imene yayamba kale siimitsidwa chifukwa cha COVID yochepa, amangosintha nthawi kuti wodwalayo alowe pomaliza.

Mliri wa COVID unabweretsanso kusintha kothandiza. Mu 2020 kafukufuku wa FAST-Forward anasonyeza kuti amayi ambiri a khansa ya m'mawere akhoza kuwotchedwa maulendo 5 m'malo mwa 15, zotsatira n'kufanana. Pa ululu wa khansa yolowa m'mafupa, ulendo umodzi umakwana. Si aliyense woyenera, koma amene akuchokera kutali afunse.

Nankhoma:
Amayi Tembo, nanga wodwala chemo akatentha thupi usiku, tidziwa bwanji ngati ndi COVID, malungo kapena chemo yomweyo? Anthu ambiri amayamba ndi Panadol ndi Coartem n'kudikira kuche.

Amayi Tembo:
Achemwali, kunyumba simungasiyanitse, ndipo musayese. Maselo oyera amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni chemo. Pa nthawi imeneyo kachilombo kochepa kamalowa m'magazi n'kufalikira m'maola ochepa.

Nyumba iliyonse ya wodwala chemo ikhale ndi themometa. Yezani musanapereke Panadol, chifukwa Panadol amatsitsa kutentha n'kubisa chizindikiro. Ikafika 38, kapena wodwala akunjenjemera ngakhale themometa isanakwere, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku womwewo. Ngati chipatala chachikulu cha UTH chili kutali, pitani kumene kuli pafupi, kaya ku Matero, ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Chilenje. Mukafika musakhale chete pamzere. Uzani namwino kuti, wodwalayu ali pa chemo, analandira tsiku lakuti, watentha thupi. Onetsani khadi. Wotere amayenera kulandira jekeseni wa antibayotiki m'ola loyamba, akuyezedwa magazi onse, malungo ndi COVID. Ngakhale COVID kapena malungo apezeke, maselo oyera ayezedwebe, chifukwa matenda awiri amatha kukhala pamodzi.

Amene ali ndi kachipangizo koyezera okosijeni pa chala: chotsani penti wa m'zikhadabo, funditsani dzanja, khalani phee mphindi imodzi kenako werengani. Ikamakhala pansi pa 92, kuchipatala. Dziwaninso kuti pa khungu lakuda kachipangizoka nthawi zina kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndiye ngati munthu akupuma mobanika, akulephera kumaliza chiganizo, musadalire 94 imene mukuonayo.

Za kudzifukiza ndi bulugamu m'bulangete: nthunzi sifika kumene kachilombo kali. Khungu limene likuwotchedwa ndi radiyeshoni, pabere kapena pakhosi, limasupuka msanga ndi kutentha, ndipo bala likatseguka radiyeshoni imaima. Wodwala wofooka amathanso kuchita chizungulire n'kugwera mumphika. Tiyi wa ndimu ndi jinja amwe, palibe vuto.

A Mwale:
Ndilowetse nkhani ya ma ARV, chifukwa odwala khansa ambiri kuno, makamaka a Kaposi (khansa imene imaonekera pakhungu), a lymphoma (khansa ya anabere) ndi a khomo la chiberekero, akumwanso ma ARV. Uthenga wochokera ku America suganizira zimenezi.

Ambiri ali pa TLD, piritsi limodzi lophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Dolutegravir amene ali m'menemo amakweza metformin m'magazi, n'chifukwa chake ngakhale wodwala shuga weniweni sitikonda kumupitiriza 1,000 mg patsiku popanda kumuyang'anira. Tsono munthu wopanda shuga akatengera za pa intaneti n'kumamwa 850 mg kawiri, ali pa TLD, akusanza ndi chemo, impso zikulimbana ndi cisplatin, akudziitanira asidi wochuluka m'magazi, matenda amene amapha. Wodwala shuga amene ali pa metformin movomerezeka aime kaye pamene akusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, ndipo anene asanajambulidwe CT ya mankhwala obaya, chifukwa ngati impso n'zofooka amamuimitsa maola 48.

Dolutegravir amagwidwanso ndi mapiritsi a ayironi, kashiamu, zinc ndi mankhwala a chilungulira. Pa nthawi ya mliri wa COVID anthu ankamwa zinc ngati maswiti. Imwani TLD maola awiri musanamwe zimenezo, kapena maola 6 mutamwa. Ayironi ndi kashiamu mukhoza kumwera pamodzi ndi TLD pokhapokha ngati mukudya chakudya nthawi yomweyo.

Amene ali pa mzere wachiwiri, wa atazanavir kapena lopinavir, ali ndi ritonavir. Ritonavir amatseka njira ya m'chiwindi imene imachotsa vincristine, vinblastine, docetaxel ndi paclitaxel, ndiye mlingo wamba umakhala ngati waukulu. Zizindikiro ndi kudzimbidwa koopsa, mimba kutupa, dzanzi, ndi maselo oyera kugwa. Dokotala wa khansa adziwe dzina lenileni la ma ARV, osangoti ndimamwa. Ritonavir yemweyo ali mu Paxlovid, mapiritsi a COVID amene amamwedwa kawiri patsiku masiku asanu, kuyamba m'masiku asanu oyambirira a zizindikiro. Amenewa amathandizadi odwala ofooka chitetezo, koma amalimbana ndi mankhwala a khansa monga imatinib, nilotinib, venetoclax ndi ena, ndipo saperekedwa kwa amene ali pa rifampicin wa TB kapena enzalutamide wa prostate. Osalandira kwa mnansi.

Septrin ndi chemo ya methotrexate pamodzi zimagwetsa mafuta a m'mafupa. Brufen ndi diclofenac nazonso sizigwirizana ndi methotrexate kapena cisplatin chifukwa cha impso. Ndipo aliyense amene ali ndi hepatitis B asadumphe TLD pa nthawi ya chemo, tenofovir ndi amene akugwira kachilomboko kuti kasadzuke.

A Sakala:
Nanga aspirin? Akuti amateteza magazi kuundana pa COVID komanso amaletsa khansa ya m'matumbo. Ameneyu ndiye ali m'kantini iliyonse.

A Zulu:
Aspirin ali ndi umboni, koma wa anthu ochepa. Pali mabanja amene ali ndi chibadwa chotchedwa Lynch, chimene chimabweretsa khansa ya m'matumbo akadali achinyamata. Kafukufuku wa CAPP2 anapeza kuti 600 mg patsiku kwa zaka ziwiri kapena kuposa amachepetsa khansayo mwa iwowa. Koma ASPREE, wa ku Australia ndi America, anapatsa okalamba athanzi 100 mg patsiku, ndipo mu 2018 anapeza kutaya magazi kochuluka, imfa za khansa nazonso zinali zokwererako. Pa COVID, RECOVERY anayesa 150 mg, imfa sizinachepe.

Kwa wodwala chemo vuto ndi mapulateleti. Akatsika pansi pa 50, aspirin amachititsa kuti otsalawo asagwire ntchito. Mayi wa khansa ya khomo la chiberekero akutaya kale magazi, pamene radiyeshoni imagwira bwino magazi akakhala okwanira, Hb ya 10 kapena kuposa. Amene analemberedwa aspirin ndi dokotala wa mtima asasiye okha, anene kuti madokotala awiri agwirizane.

Kuundana kwa magazi n'koonadi. Khansa imakukweza, tamoxifen wa khansa ya m'mawere ndi thalidomide amakukweza, COVID imaonjezera. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka m'katumba, kapena chifuwa chikabaya mwadzidzidzi ndi kubanika, ameneyo akufunika sikani ndi jekeseni wosungunula magazi, osati aspirin wa m'kantini.

Amayi a tamoxifen ndiwachenjezenso ziwiri. Hydroxychloroquine pamodzi ndi tamoxifen amakweza chiopsezo chowononga maso, ndipo hydroxychloroquine, azithromycin ndi ondansetron wa mseru onse amasokoneza kagundidwe ka mtima mwanjira imodzi, mukawaunjika mtima ukhoza kuima. Chachiwiri, fluoxetine ndi paroxetine, a kukhumudwa, amalepheretsa chiwindi kusandutsa tamoxifen kukhala mankhwala amphamvu. Alipo ena oti n'kusintha nawo.

Dexamethasone musagule kuti muzimwa chimfine chikayamba. Amakweza shuga, amabisa kutentha thupi, amadzutsa TB, ndipo Kaposi amatha kufalikira msanga ndi ma steroid.

Nankhoma:
Mwatiletsa zambiri. Palibe obwereka amene odwazika angagwiritse ntchito kunyumba?

Amayi Tembo:
Alipo, ndipo ndi amene amasintha moyo wa wodwala tsiku ndi tsiku. Sachiza khansa, amachepetsa kuvutika.

Woyamba ndi Flagyl pa bala lonunkha. Khansa ya bere kapena ya pakhungu ikaphulika, fungo limabwera chifukwa cha tizilombo tosafuna mpweya timene timakhala m'mnofu wakufa. Fungo limenelo ndi limene limathamangitsa alendo, wodwala n'kumadya yekha. Wiritsani madzi theka la lita, thiranimo supuni yaing'ono imodzi ya mchere yosadzaza, azizire. Nyowetsani bandeji yakale kaye kuti isang'ambe mnofu, chotsani pang'onopang'ono, tsukani bala mothira, osapukuta mwamphamvu. Sinjani piritsi limodzi kapena awiri a Flagyl a 200 mg pakati pa masupuni awiri oyera mpaka akhale ufa, wazani pang'ono pabala lonse, phimbani ndi gozi wopaka Vaseline kuti asamatirire. Kamodzi kapena kawiri patsiku. Pakatha masiku awiri kapena atatu fungo limachepa ndithu. Cholakwika chofala n'kuthira spiriti, Jik kapena mankhwala a zitsamba osinja, zimene zimapsereza ndi kutulutsa magazi. Bala likayamba kutuluka magazi, dinikizani ndi nsalu yoyera mphindi 10 osasuzumira, likapitirira pitani kuchipatala.

Wachiwiri ndi olanzapine. Ndi mankhwala a matenda a m'maganizo, ndipo abale ena akawerenga kapepala ka m'bokosi amakwiya kuti wodwala wathu si wamisala. Pa mlingo wochepa, 5 mg usiku kwa masiku anayi kuyambira tsiku la chemo, amaletsa mseru bwino kwambiri, ngakhale wa cisplatin. Amagonetsa, ndiye okalamba amayamba ndi 2.5 mg. Dokotala ndiye alembe, ndipo asaunjikidwe ndi metoclopramide popanda kufunsa, chifukwa pamodzi amaumitsa khosi ndi nsagwada.

Dzanzi ndi kuwotcha kwa m'mapazi kobwera ndi paclitaxel kapena vincristine sikumva Panadol. Apa timabwereka mankhwala a kukhumudwa. Duloxetine ndi amene ali ndi umboni wabwino, amitriptyline ndi amene amapezeka msanga, 10 mpaka 25 mg usiku. Amaumitsa kukamwa, ndipo kwa abambo a prostate amatha kutseka mkodzo. Nenani za dzanzilo msanga, mlingo wa chemo umasinthidwa lisanakhazikike.

Zilonda za mkamwa: lita imodzi ya madzi owiritsa, supuni yaing'ono ya mchere, ina ya soda wophikira. Chukuchani kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi patsiku, kuyamba tsiku la chemo zilonda zisanabwere. Pangani watsopano tsiku lililonse.

Amene ali pa morphine wamadzi amwe maola anayi alionse, osadikira ululu, ndipo tsiku lomwelo ayambe senna kapena bisacodyl, chifukwa kudzimbidwa sikulephera.

A Daka:
Zimenezi ndiye zomveka. Koma katemera bwanji? Ena akuti wodwala khansa chitetezo n'chochepa, katemera amugwetsa.

A Zulu:
Katemera onse a COVID amene aperekedwa kuno kuyambira Epulo 2021, AstraZeneca, Johnson & Johnson, Pfizer, Sinopharm, alibe kachilombo ka COVID kamoyo, sangapatse munthu matendawo. Vuto la wodwala chemo ndi lina: katemera amagwira mofooka, n'chifukwa chake amafunika woonjezera, ndiponso a m'nyumba mwake abayitse. Ngati chemo sinayambe, bayitsani masabata awiri isanayambe, koma osachedwetsa chemo chifukwa cha katemera. Ngati yayamba, pewani masiku amene maselo oyera ali pansi, kuti kutentha kwa katemera kusasokonezeke ndi kwa matenda a m'magazi. Amene alandira rituximab wa lymphoma thupi silipanga chitetezo chokwanira kwa miyezi pafupifupi 6, amenewo masiki asawasiye, makamaka m'minibasi ndi pamaliro. Mayi wochitidwa opaleshoni ya bere abayitse mkono wa mbali inayo, ndipo akapita ku sikani anene tsiku ndi mkono, chifukwa katemera amatupitsa mwanabere m'khwapa kwa masabata angapo n'kuoneka ngati khansa.

A Sakala:
Funso lomaliza kwa ine. Tinene kuti wina pano wamwa kale fenbendazole mwezi wathunthu, chemo ili sabata yamawa, ndipo akuopa kukalipiridwa. Atani?

A Zulu:
Asiye lero, palibe chifukwa chochepetsa pang'onopang'ono. Asadikire tsiku la chemo, apite msanga kukayezetsa chiwindi ndi magazi onse, atanyamula botolo kapena paketi yake. Anene tsiku limene anayamba, kuchuluka kwake ndi tsiku limene wasiya. Nthawi zambiri ALT imatsika yokha m'masabata angapo, ndipo dokotala akadziwa chifukwa chake sachepetsa chemo pachabe. Maso akachita chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi, thupi likamayabwa kapena kumanja pansi pa nthiti kukamapweteka, apite tsiku lomwelo. Mowa ayi, ndipo Panadol asapitirire magalamu awiri patsiku mpaka zotsatira zituluke. Za kukalipiridwa, safunsa anadya phula. Ife ogwira ntchito za umoyo nafenso tisinthe mafunsidwe. Ukafunsa kuti mukumwa mankhwala ena, aliyense amati ayi. Ukafunsa kuti abale akubweretserani chiyani chothandizira, thumba limatseguka.

A Mwale:
Thumbalo libwere lonse: ma ARV, Septrin, a shuga, a BP, mavitamini, moringa, ufa wa masamba a mpoza, za asing'anga, za ziweto, chilichonse m'paketi yake. Amene akuchokera ku Chipata, Katete kapena Lundazi ndipo sangathe kunyamula zonse, ajambule paketi iliyonse kutsogolo ndi kumbuyo pa foni, dzina ndi ma mg zioneke. Vitamini C wa m'diripi amene ena akutsatsa m'tauni mutchulenso, chifukwa kwa munthu amene magazi ake alibe G6PD yokwanira, chibadwa chofala kuno ku Africa makamaka mwa amuna, amaswa maselo ofiira, ndipo kwa wa impso zofooka amapanga timiyala.

Wina akavulala ndi mankhwala ogulidwa motere, famasi kapena chipatala chikhoza kulemba lipoti ku ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala mu Zambia. Pa fomu amafuna dzina la mankhwala, nambala ya batch imene ili pa botolo, kumene anagula ndi zizindikiro zimene wodwala anaona, choncho botolo musataye ngakhale litatha.

Nabanda:
Zikomo nonse. Mayankho a amayi Tembo a kutentha thupi ndi a Flagyl ndawakhoma pamwamba pa gulu. A Mwale, mawa mutilembere mndandanda wa mankhwala osagwirizana ndi ritonavir pa uthenga wake wokha, kuti anthu athe kuusonyeza ku famasi.